Phunziro: Zikwangwani za Kampeni pa Malo a Boma, Kukhoma Kwake ndi Kuchotsa Kwake

Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chinatha, zotsatira zinalengezedwa, ndipo amene anapambana analumbira kale n'kuyamba ntchito. Komabe munthu amene akuyenda kuchokera m'tauni ya Balaka, kudzera pa Mangochi Turn-off, kuoloka Shire pa Liwonde mpaka kukafika ku Nsanama, Ntaja ndi Nselema, angaganize kuti kampeni ikadali m'kati. Nkhope za amene ankapikisana zikadali pa mapolo a magetsi, pa mitengo ya m'mbali mwa msewu, pa zipupa za misika ndi pa milatho. Zina zinasuluka ndi dzuwa, zina zinang'ambika theka, ndipo mbendera zambiri zinasanduka nsanza zimene zikungolendewera pa nsungwi. Mvula ikagwa, zonsezi zimathera m'ngalande.

Phunziro la mwezi uno likuyankha mafunso atatu amene anthu amafunsa kawirikawiri m'misonkhano ya m'mawodi. Kodi wopikisana pa chisankho ali ndi ufulu wokhoma chikwangwani pamalo aliwonse? Kodi chisankho chikatha, udindo wochotsa ndi wa yani? Nanga munthu wamba amene waona chikwangwani pamalo osayenera achite chiyani kuti asadzigwetse m'mlandu? M'phunziroli mawu oti zikwangwani akuimira zonse zimene amakopera nazo anthu: maposita a pepala, zinsalu ndi mapulasitiki olembedwa, mbendera za zipani, matabwa ndi malata okhala ndi zithunzi, komanso mawu olembedwa ndi penti pa makoma ndi pa miyala.

Ufulu umene unachokera kutali

Tisanakambe zochotsa, tiyambe takumbukira kuti kukhoma chikwangwani cha chipani chimene munthu akuchikonda ndi ufulu umene makolo athu sanali nawo. Kwa zaka zambiri chizindikiro cha chipani chimodzi chokha ndicho chinkaloledwa kuoneka poyera. Zinthu zinasintha pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene Amalawi anasankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali, ndipo nyali inapambana. Pa 17 Meyi 1994 panachitika chisankho cha zipani zambiri, chimene anapambana ndi a Bakili Muluzi, mwana wa kuno ku Machinga. Nthawi imeneyo Balaka inali mbali ya boma la Machinga, pakuti inakhala boma palokha mu 1998. Kuyambira masiku amenewo, mbendera zachikasu, zabuluu, zofiira, zobiriwira ndi zalalanje zakhala zikusinthanasinthana m'misika yathu.

Malamulo aakulu a dziko lino amateteza ufulu umenewu. Gawo 35 limapereka ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo gawo 40 limapereka ufulu wolowa chipani, wokopera anthu chipani, woponya voti ndi wopikisana nawo pa chisankho. Chikwangwani chilinso ndi ntchito yake yeniyeni. Pa pepala loponyera voti pamakhala dzina, nkhope ndi chizindikiro cha wopikisana aliyense, ndipo gogo amene sadziwa kuwerenga amazindikira munthu wake chifukwa anaona nkhopeyo ndi chizindikirocho pamsika. Pachifukwa ichi khonsolo sidana ndi zikwangwani. Koma malamulo aakulu omwewo, m'gawo 44, amalola kuti ufulu wina uikiridwe malire ndi lamulo, malinga malirewo akhale oyenera ndi ofunikadi m'dziko la demokalase. Malire a zikwangwani amakhudza malo, nthawi ndi chitetezo cha anthu, ndipo sayang'ana mtundu wa chipani.

Malo a boma ali ndi owasamala

Anthu ambiri akati "ndi za boma izi", amatanthauza kuti chinthucho chilibe mwini. Maganizo amenewa ndiwo gwero la vuto lonse. Chinthu chilichonse cha boma chili ndi ofesi imene inapatsidwa udindo wochisamala, ndipo ofesiyo ndiyo imapereka kapena kukana chilolezo.

Misewu ikuluikulu monga M1 imene imadutsa pa Phalula, M3 imene imachokera ku Zomba kudzera ku Liwonde ndi Ulongwe kupita ku Mangochi, ndi M8 imene imalumikiza Balaka ndi Liwonde, ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority. Pa misewu ya mtundu umenewu, malo a msewu amafika mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Milatho, makalavati ndi zizindikiro za pamsewu nazonso ndi mbali ya msewuwo. Mapolo a magetsi ndi matiransifoma ndi a ESCOM. Mathanki ndi nyumba zogulitsirapo madzi m'matauni a Liwonde ndi Balaka zili pansi pa Southern Region Water Board, pamene mijigo ya m'midzi imasamalidwa ndi makomiti a madzi. Njanji imene imadutsa ku Balaka, Nkaya, Liwonde mpaka ku Nayuchi ili ndi kampani yoiyendetsa. Mitengo ya m'nkhalango yotetezedwa ya Liwonde ili pansi pa nthambi ya zankhalango.

Misika, madepoti a basi, zimbudzi za m'misika, sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono, mabwalo a masewero ndi misewu ya m'madera zili pansi pa khonsolo. Malo a mudzi monga bwalo la milandu ndi manda amayang'aniridwa ndi mfumu. Nyumba, golosale, chigayo ndi mpanda wa munthu ndi zake za mwiniwakeyo, ndipo gawo 28 la malamulo aakulu limateteza katundu wa munthu. Choncho palibe khoma ngakhale limodzi m'maboma athu awiriwa limene munthu angamatepo pepala popanda wina woti am'pemphe.

Zimene malamulo a chisankho amanena

Zisankho za pulezidenti, aphungu ndi makhansala zimayendetsedwa ndi lamulo limodzi la 2023, ndipo bungwe la MEC ndilo limaonetsetsa kuti likutsatidwa. Mfundo zisanu za m'malamulo a chisankho ndi a zipani ndizo zikukhudza phunziro lathu.

Mfundo yoyamba ndi ya nthawi. Kampeni ili ndi tsiku loyambira ndi lotsekera, ndipo imatha maola 48 kuponya voti kusanayambe. Mu 2025 inatsegulidwa pa 14 Julaye ndipo inatsekedwa m'mawa wa pa 14 Sepitembala. Kukhoma chikwangwani chatsopano nthawi yotseka itakwana ndi kuchita kampeni nthawi yoletsedwa, ngakhale wokhomayo atachita zimenezi usiku popanda kulankhula ndi munthu.

Mfundo yachiwiri ndi ya malo oletsedwa. Kampeni siloledwa m'malo a asilikali ndi apolisi, m'maofesi a boma ndi malo a ntchito nthawi ya ntchito, ndiponso m'sukulu nthawi ya maphunziro. Posita imene yamatidwa pa khoma la kalasi imakhalapo usana wonse ana akuphunzira, choncho mphunzitsi wamkulu amene wakana kuti imatidwe wachita zimene udindo wake ukufuna.

Mfundo yachitatu ndi ya malo oponyera voti. Chinthu chilichonse chokopa anthu sichiloledwa kuoneka m'kati mwa malo oponyera voti kapena pa mtunda wa mamita 100 kuzungulira malowo. Malo ambiri oponyera voti kuno kwathu ndi sukulu za pulayimale, ndipo zambiri mwa sukuluzi zili pafupi ndi msika kapena msewu. Mamita 100 ndi pafupifupi kutalika kwa bwalo la mpira. Mbendera imene ili pa mtengo wa mango pafupi ndi chipata cha sukulu iyenera kutsika tsiku loponya voti lisanafike, ndipo woitsitsa woyenera ndi mwini wake.

Mfundo yachinayi imateteza zikwangwanizo. Kung'amba, kudetsa, kufufuta kapena kumata pepala lako pamwamba pa la mnzako nthawi ya kampeni ndi mlandu. Achinyamata ambiri amatumidwa ntchito imeneyi usiku ndi kupatsidwa kangachepe, osadziwa kuti pa tsiku la mlandu wokaima pamaso pa woweruza ndi iwowo.

Mfundo yachisanu ikuchokera m'lamulo la zipani la 2018, limene limaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna kugula mavoti. Lamuloli silinaike zipangizo za kampeni monga maposita, nsalu, malaya ndi zipewa za chipani m'gulu la mphatso zoletsedwa. Izi zikutanthauza kuti zipangizozi zipitiriza kufika zambiri pa chisankho chilichonse, ndipo n'chifukwa chake dera liyenera kukhala ndi dongosolo la kumene zikathere.

Tiwonjezere mfundo ina yochokera m'gawo 193 la malamulo aakulu, imene imakhudza ife ogwira ntchito m'boma. Wogwira ntchito m'boma saloledwa kugwiritsa ntchito udindo wake kapena chuma cha boma pokweza kapena kupondereza chipani. Galimoto ya khonsolo siyenera kunyamula mbendera ya chipani, ndipo mkulu wa msika sayenera kulola chipani chimodzi kukhoma pa geti n'kukaniza china.

Mphamvu za khonsolo

Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limapatsa khonsolo udindo wosamala ukhondo, misika, misewu ya m'dera ndi maonekedwe a malo ochitira malonda. Gawo 103 la lamuloli limapatsa khonsolo mphamvu zopanga malamulo ake ang'onoang'ono oyendetsera bwino dera ndi kuthetsa zosokoneza anthu. Palinso lamulo la 2016 lokonza mapulani a malo, limene limayang'ana zomangamanga. Chikwangwani chachikulu cha zitsulo chimene chimakumbiridwa pansi ndi simenti chimafuna chilolezo, kaya chikulengeza sopo, kaya chikulengeza munthu wofuna uphungu, ndipo ndalama ya chilolezocho ndi imodzi mwa ndalama zimene khonsolo imatolera yokha.

Lamulo laling'ono la khonsolo silipangidwa ndi bwanamkubwa ali yekha mu ofesi. Nkhani imayambira m'komiti ya khonsolo yoona za nkhaniyo, kenako imapita ku msonkhano wa khonsolo yonse kumene kumakhala makhansala, aphungu, mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana. Anthu amapatsidwa mpata woona zimene zalembedwa ndi kuperekapo maganizo, ndipo pomaliza nduna yoona za maboma ang'onoang'ono imavomereza lamulolo lisanayambe kugwira ntchito. Apa ndi pamene pali khomo la anthu a m'wodi. Nkhani imene yakambidwa m'komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, imakwera kupita ku komiti ya dera, ADC, ndipo khansala amainyamula kupita nayo ku khonsolo. Pakati pa 2005 ndi 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo khomo limeneli linali lotseka. Lero m'dziko muno muli mawodi 509, iliyonse ndi mpando wake m'khonsolo.

Chifukwa chake ziyenera kuchotsedwa

Ena amati pepala ndi pepala basi, lidzagwa lokha. Tiyeni tione zimene zimachitika lisanagwe ndiponso likagwa.

Choyamba ndi ngozi za pamsewu. Chizindikiro cha pamsewu chinaikidwa kuti dalaivala amene sadziwa msewuwo achiwerenge ali patali. Pa msewu wotsika mapiri a Machinga kupita ku Liwonde pali makona, ndipo m'malo ochitira malonda monga Ulongwe ndi Ntaja anthu oyenda pansi, akabaza ndi magalimoto amaphatikizana pamalo amodzi. Posita imene yaphimba chizindikiro chochenjeza za kona, za sukulu kapena za malo oolokera njanji yachotsa chenjezo limene likanapulumutsa moyo. Chinsalu chomangidwa modutsa msewu chimatha kuduka ndi mphepo n'kugwera wa njinga yamoto. Chikwangwani chachikulu choikidwa pa mphambano chimatchinga maso a amene akufuna kulowa mumsewu waukulu.

Chachiwiri ndi magetsi. Mnyamata amene akukwera polo kuti mbendera yake ikhale pamwamba kuposa ya chipani china akusewera ndi imfa. Nsungwi yaiwisi, waya ndi nsalu yonyowa zimatha kutenga moto wa magetsi zikakhudza mawaya. Misomali yotsala m'mapolo a mitengo imavulaza amisiri amene amakwera kukakonza magetsi akazima, ndipo maposita amaphimba manambala ndi machenjezo olembedwa pa mapolo ndi pa matiransifoma.

Chachitatu ndi ngalande ndi ziweto. Zikwangwani zambiri za masiku ano ndi za pulasitiki, ndipo pulasitiki saola msanga. Akagwera m'ngalande amakola zinyalala zina pakamwa pa kalavati, madzi n'kusefukira m'misika ndi m'nyumba. Anthu a m'maboma athu sanaiwale madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndiponso sanaiwale kuti mliri wa kolera umene unavuta dziko lonse unayamba kupezeka kuno ku Machinga mu Malichi 2022. Zikwangwani pazokha sizinabweretse mavuto amenewo, koma ngalande yotsekeka imakulitsa vuto lililonse la madzi. Mbuzi ndi ng'ombe zikameza zidutswa za pulasitiki zimatupa mimba, zimaonda, zina zimafa. Kutentha pulasitiki pakati pa msika nako kumatulutsa utsi woipa umene amapuma ndi amayi ogulitsa ndi ana ali kumbuyo.

Chachinayi ndi mitengo. Msomali umatsegula bala limene limalowetsa chiswe ndi matenda, ndipo waya womangidwa mozungulira thunthu umalowa m'khungwa mtengo ukamakula mpaka kuufooketsa. Mitengo ya mthunzi ya m'misika yathu inatenga zaka makumi kuti ifike pamene ilipo.

Chachisanu ndi ndalama. Pepala lomatidwa ndi guluu kapena phala la ufa likamachotsedwa limachoka ndi penti. Mawu olembedwa ndi penti pa mlatho, pa thanki kapena pa thanthwe amakhala zaka zambiri, ndipo ena a ife timawerengabe mayina a anthu amene anapikisana mu 2014 ndi 2019. Ndalama yopentanso chipupa cha msika imachokera m'thumba lomwe limalandira ndalama ya chiphaso cha msika imene mayi wogulitsa tomato amalipira tsiku ndi tsiku. Ndalama imeneyo ikanagula matsache, mankhwala a m'zimbudzi kapena mafuta a galimoto yotaya zinyalala.

Chachisanu ndi chimodzi, chimene chili chachikulu pa zonse, ndi mtendere. Mbendera ya chipani ikakhala pa geti la msika kapena pa mjigo, imauza anthu kuti malowo ali ndi eni ake, ndipo a zipani zina ndi alendo. Mikangano yambiri ya nthawi ya chisankho m'dziko muno imayambira pa kuzulirana mbendera. Mayi woyembekezera amene wabwera ku sikelo sayenera kuyamba wadzifunsa ngati chitenje chimene wavala chikugwirizana ndi nkhope imene ili pa khoma la chipatala. Chipatala, sukulu, msika ndi mjigo zinamangidwa ndi misonkho ya anthu onse, amene anavotera wopambana ndi amene anavotera wogonja.

Udindo wochotsa ndi wa yani

Amene anakhoma ndiye achotse. Wopikisana sangazembe ponena kuti anakhoma ndi anyamata, pakuti nkhope ndi dzina zimene zili pa pepalapo ndi zake, ndipo akuluakulu anati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Udindowu ndi wofanana kwa wopambana ndi wogonja, kwa wa chipani ndi woima payekha. Khansala kapena phungu amene wapambana ali ndi chifukwa china chowonjezera: tsopano akuimira wodi yonse kapena dera lonse, ndipo kutsitsa mbendera yake pa malo a anthu onse ndi njira yoyamba yosonyezera zimenezi. Chikwangwani chothokoza anthu chifukwa cha mavoti nacho chimafuna chilolezo ngati china chilichonse.

Eni ake akapanda kuchotsa, ofesi yosamala malowo ili ndi mphamvu zochotsa. Kuti ntchitoyi isabale mkangano, njira yabwino ndi iyi. Nkhani iyambire m'komiti ya mgwirizano wa zipani ya pa boma, imene ambiri amaidziwa kuti MPLC, momwe mumakhala oimira zipani, apolisi, mafumu ndi mabungwe monga NICE, motsogozedwa ndi bwanamkubwa. Zipani zonse zimve uthenga umodzi pa tsiku limodzi, ndipo tsiku lomaliza kuchotsa lilengezedwe poyera, pa wailesi za m'dera, m'misika, m'mizikiti ndi m'matchalitchi. Tsikulo likadutsa, ogwira ntchito a khonsolo achotse motsata msewu kapena msika, kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto, osadumpha mtundu uliwonse. Zimene zachotsedwa zilembedwe m'kaundula, ndipo zamtengo wapatali monga malata, zitsulo ndi matabwa zisungidwe kuti eni ake adzazitenge. Za pa mapolo a magetsi zichotsedwe mogwirizana ndi a ESCOM. Chipani chimene chikusekerera lero poona mbendera za anzake zokha zikutsitsidwa chikumbukire kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zimene munthu wa m'wodi angachite

Tiyerekeze kuti mayi wina amachita lendi kanyumba ka malonda mumsika wa khonsolo, ndipo m'mawa wina wapeza posita pa chitseko chake. Kampeni ili m'kati. Makasitomala ena ayamba kale kumulambalala poganiza kuti waonetsa mbali. Akaing'amba yekha masana anthu akuona, akhoza kuputa anyamata a chipanicho, ndipo nkhani ingasanduke yoti wang'amba chikwangwani cha kampeni. Njira yomuteteza ndi yokauza mkulu wa msika ndi komiti ya msika. Iwo aitane woimira chipanicho kuti achotse yekha, ndipo akakana, nkhani ipite ku khonsolo ndi ku komiti ya mgwirizano wa zipani. Njira yomweyi ndi imene angatsate mphunzitsi wamkulu, mkulu wa chipatala ndi wapampando wa komiti ya mjigo.

Pa nyumba kapena mpanda wanu, mwini mawu ndinu. Muli ndi ufulu wolola chipani chimene mukufuna, ndiponso wokana onse. Ngati amata osakupemphani, itanani mfumu kapena wa komiti ya chitetezo cha m'mudzi akhale mboni, uzani eni ake adzachotse, ndipo mukachotsa nokha chotsani mosamala n'kuwabwezera. Amene mukukhala m'nyumba ya lendi, yambani mwamva maganizo a mwini nyumba musanakhome kanthu pa khoma lakunja.

Chisankho chikatha, ntchito yoyeretsa ingathe kugwiridwa ndi mudzi wonse pamodzi. Tsiku loyeretsa m'dziko muno, limene linakhazikitsidwa mu Novembala 2020 kuti lizichitika Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ndi mpata wabwino. Komiti ya chitukuko idziwitse khonsolo ndi oimira zipani zonse za m'deralo, ndipo ngati n'kotheka aliyense atsitse za chipani chake anzake akuona. Ana asatumidwe kukwera mitengo, ndipo munthu aliyense asakwere polo la magetsi. Misomali izulidwe, mawaya ndi zingwe zidulidwe n'kutoleredwa, pakuti kusiya waya pa mtengo ndi kusiya theka la vuto. Mapepala angathe kukwiriridwa m'dzenje la manyowa. Mapulasitiki aakulu amathandiza kuyanikapo chimanga kapena kufolera khola, koma akagwiritsidwa ntchito pamalo a anthu onse, mbali yolembedwayo iyang'ane pansi kapena m'kati.

Mmene amachitira kwina

Vuto limeneli si la kuno kokha, ndipo maiko ena analipezera njira. Ku Ireland lamulo limapatsa opikisana masiku 7 chisankho chikatha kuti achotse maposita awo, ndipo posita iliyonse yotsala imalipitsidwa chindapusa cha mayuro 150. Ku Japan akuluakulu a chisankho a m'dera amaimika matabwa okhala ndi zigawo za manambala, ndipo wopikisana aliyense amapatsidwa chigawo chimodzi chofanana ndi cha mnzake, kaya ndi wolemera kaya ndi wosauka. Ku Cape Town, m'dziko la South Africa kumene ana athu ambiri a ku Machinga ndi Balaka amapita kukagwira ntchito, khonsolo ya mzinda imapereka masiku owerengeka ochotsera, ndipo ikachotsa yokha imatumiza bilu ku chipani pa posita iliyonse.

M'njira zitatuzi muli mfundo zofanana. Malo okhoma amadziwika kampeni isanayambe, tsiku lochotsa limadziwika, ndipo mtengo wa kunyozera umagwera mwini chikwangwani m'malo mogwera wolipira msonkho. Njira ya matabwa ingathe kugwira ntchito ngakhale pa msika wa Nsanama kapena wa Phalula popanda ndalama zambiri: bolodi limodzi pafupi ndi geti, logawidwa mofanana, lingapulumutse zipupa, mitengo ndi mapolo a msika wonse. Lingathandizenso woima payekha amene alibe ndalama zosindikizira mapepala mazanamazana kuti nkhope yake ioneke pambali pa ya wa chipani chachikulu.

Chisankho chachikulu chotsatira chidzachitika mu 2030, koma chisankho chapadera chingagwe m'wodi iliyonse nthawi ina iliyonse mpando ukakhala wopanda munthu. Nthawi yabwino yogwirizana za dongosolo ndi ino, pamene mitima yazizira ndipo palibe amene akudziwa kuti lamulolo lidzayamba kuluma ndani. Makomiti a chitukuko akukumbutsidwa kuti aike nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wawo wotsatira, ndipo zimene agwirizana azipereke kwa khansala wawo molemba.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani malo asanu a m'wodi yanu pamene pakadali zikwangwani za kampeni. Kodi malo aliwonse mwa amenewa amasamalidwa ndi ofesi iti kapena munthu uti?

2. Yezani mamita 100 kuchokera pamalo amene mumaponyera voti. Kodi ndi nyumba, mitengo ndi magolosale ati amene ali m'kati mwa mtunda umenewu, ndipo eni ake akudziwa zimene lamulo limanena?

3. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa kung'amba posita ya chipani china nthawi ya kampeni ndi kuchotsa zikwangwani mogwirizana chisankho chitatha?

4. Mukanakhala kuti mukulemba lamulo laling'ono la khonsolo, mukanapereka masiku angati ochotsera, ndipo amene wanyozera mukanamulipitsa motani?

5. Kodi pa msika wanu ndi pati pamene pangaimikidwe bolodi la opikisana onse, ndipo ndani angaliyang'anire mopanda kukondera?